Ndodo za malume, choko changa, ndi ma ayironi okhululuka

Pepani kuti ndakhala chete kwa masabata angapo. Tinali pa chintchito chochonga mayeso a Fomu 4, ndipo amene munagwirapo cholembera chofiira mukudziwa mmene maso amachitira ukafika pa pepala la nambala 90. Lero sindikamba za sukulu ayi, ndikamba za gofu. Ndikudziwa ena mwayamba kale kuseka, mukuti mphunzitsi ndi gofu zikugwirizana pati, si masewera a mabwana amenewo? Sekani ndithu, koma khalani pansi mumve kaye.

Gofu ndinaidziwira kwa malume anga. Iwowa anayamba ali mnyamata kunyamula zikwama za azungu a m'minda ya tiyi ku Mulanje, ntchito imene amati caddie. Palibe anawaphunzitsa kumenya mpira. Ankangoonera, kenaka madzulo mabwana akalowa mu bala iwo ankayeserera kuseri ndi ndodo yobwereka. Cha m'ma 1980 mzungu wina amene ankabwerera kwawo anawasiyira chikwama chonse, ndodo ndi zonse. Ine pa holide ndinkawanyamulira chikwamacho, ndipo mpaka lero ndimakumbukira kulira kwa mpira ukamachoka pa ndodo yawo, kuti tswa! ngati wina wathyola nzimbe. Atamwalira mu 2011, mayi anga anandiitana nkunena kuti, "Achimwene anati chikwama chija n'chako, poti ndiwe wekha unkawatsatira ku udzu kuja."

Ndiye kwa zaka zoposa khumi ndakhala ndikusewera ndi ma ayironi a malume. Kwa amene simudziwa, ma ayironi ndi ndodo za mutu wachitsulo zija zolembedwa manambala, 3, 4, 5 mpaka 9, kenaka ina yolembedwa P. Nambala ikakhala yaying'ono mpira umapita kutali koma motsika, ikakhala yaikulu umakwera m'mwamba nkugwa pafupi. A malume ndi a mtundu umene amati blade. Mutu wake ndi waung'ono, wopyapyala, kumbuyo kosalala bwino ngati mpeni wa patebulo. Dzina la kampani linafufutika kalekale. Ndi okongola, sindinama. Ukawapukuta nkuwaika padzuwa, ngakhale munthu wosadziwa gofu amaima nkuyang'ana.

Vuto linali loti ine si malume.

Handicap yanga inakakamira pa 17 kwa zaka zambiri. Handicap ndi nambala imene imaonetsa mlingo wa wosewera. Bwalo likakhala loti katswiri amalize ndi mikwapulo 72, ine tsiku labwino ndimamaliza ndi cha m'ma 89 kapena 90, tsiku loipa musafunse. Anthu a handicap yoyambira cha pa 10 kufika cha pa 20 ndi amene amatchedwa apakatikati. Sitili ophunzira, koma sitilinso akatswiri. Tili ngati ana a m'kalasi aja amene amapeza 55 kapena 60, oti sudandaula nawo komanso suwatchula pa asembule. Ndipo matenda athu ndi amodzi: timakumbukira mpira umodzi umene tinamenya bwino mu Juni chaka chatha, nkumadziyesa kuti ndife amenewo.

Chimene chinanditsegula maso chinachitika Loweruka lina mu 2023. Pabwalo limene ndimasewera pali dzenje lina lalifupi, mamita pafupifupi 150, koma pakati pamadutsa kamtsinje. Ndinatulutsa 6. Mpira woyamba, m'madzi. Wachiwiri, m'madzi. Wachitatu unagunda gombe nkubwereranso m'madzi momwemo, ndipo dzanja langa linachita dzanzi mpaka m'chigongono. Mnyamata amene amandinyamulira chikwama ndinamuphunzitsapo Physics ali Fomu 3, ndipo nthawi zonse amandilemekeza. Tsikulo anakanda m'mutu nkunena chapansipansi kuti, "Aphunzitsi, musakwiye. Ndodo zimenezi ndi za munthu amene amamenya pakati nthawi zonse. Inuyo pakati mumangodutsapo."

Ndinakwiya ndithu. Njira yonse yobwerera kunyumba ndinkadziuza kuti mwana ameneyu analephera ngakhale funso la moments pa mayeso, angandiuze chiyani za chitsulo. Koma pofika usiku ndinakumbukira zimene ndimawauza ana mu labu, kuti osakangana ndi pakamwa, kayezeni.

Lolemba lake nditaweruka ndinatenga choko cha buluu, mipira 20 yakutha ndi 7 wa malume, ndinapita kumapeto kwa bwalo la mpira wamiyendo. Ndinkapaka choko pankhope ya ndodo, kumenya, kuyang'ana pamene mpira wasiya chidindo, nkulemba m'kope. Abale anga, musadzayese zimenezi ngati mtima wanu ndi wofooka. Pa mipira 20, isanu yokha ndi imene inagunda pakati. Khumi ndi umodzi inagunda chakunsonga kwa mutu, inayi yotsalayo chakumunsi kapena pafupi ndi khosi. Ndiye kuti pa mikwapulo inayi iliyonse, itatu ndinkaphonya malo amene ndodo ija inapangidwira. Mnyamata uja anandikhululukira ponena kuti ndimadutsapo.

Apa mpamene mawu oti ayironi wokhululuka anayamba kumveka kwa ine. Kale ndinkawayesa chinyengo cha otsatsa malonda. Koma nkhani yake ndi Physics yomwe ija ndimadyera. Tengani mtengo wotalika mita imodzi, mumange njerwa ziwiri pakati pake, muugwire pakatipo nkuyesa kuupotoza uku ndi uku. Upotoka mosavuta. Tsopano sunthani njerwazo, ina kumapeto uku ina kumapeto uko. Kulemera sikunasinthe, koma kuupotoza kwavuta. M'mabuku amati moment of inertia. Mutu wa blade uli ngati mtengo woyamba uja, chitsulo chambiri chili pakati. Mpira ukagunda kunsonga mutu umapotoka, mphamvu imatayika, mpira umagwa pafupi ndiponso kumbali, ndipo kunjenjemera konseko kumathera m'manja mwako. Ayironi wokhululuka anamukumba kumbuyo, chitsulo chimene anachotsa pakati nkuchiika m'mphepete ndi pansi. Amati cavity back. Ukaphonya pakati mutu supotoka kwambiri, ndiye mpira umatayako mamita ochepa m'malo motaya makumi awiri.

Munthu amene anatchukitsa nzeru imeneyi ndi Karsten Solheim, wobadwira ku Bergen m'dziko la Norway mu 1911 koma wokulira ku America. Anali injiniya ku General Electric, ndipo gofu anaiyamba mochedwa, ali ndi zaka 42. Ataona kuti ikumuvuta sanadzinamize, anakalowa m'galaja nkuyamba kupanga ndodo zake. Mu 1959 anatulutsa putter imene inkalira kuti ping ikagunda mpira, ndipo dzina la kampani yake linachokera pamenepo. Kenaka nzeru yomweyo anaipititsa ku ma ayironi, ndipo Ping Eye2 amene anatuluka mu 1982 anagulidwa kwambiri moti makampani ena onse anayamba kutsatira njira yomweyo. Chimene chimandisangalatsa n'choti munthuyu sanali katswiri wosewera. Anali wovutika ngati ife tomwe.

Nditavomereza kuti ndikufunika ndodo zina, ndinalowa m'vuto lachiwiri. Ma ayironi okhululuka alipo a mitundumitundu, ndipo wogulitsa aliyense amati ake ndiwo mankhwala. Mwachidule amawagawa patatu. Pali a akatswiri, amene ndi ma blade kapena okumbidwa pang'ono chabe. Pali apakati amene amati game improvement. Ndiye pali ena akuluakulu, mutu ngati fosholo, opangira oyamba kumene kapena amene mphamvu zachepa. Kwa miyezi ingapo ndinakhala wopemphapempha pabwalo, aliyense wobwera ndi chikwama chatsopano ndinkamuti, "Achimwene, tandibwerekani 7 wanuyo ndimenyeko itatu." Ena ankandibwereka mokondwa, ena nkhope ili gwa. Zimene ndinaphunzira ndi izi.

Poyamba ndinkaganiza kuti popeza ndimaphonya kwambiri, ndingotenga a fosholo aja basi. Koma kuno kwathu pali chinthu chimene opanga ndodo kunjako saganizira kwenikweni, ndicho nthaka ya mwezi wa Okutobala. Ma ayironi okhululuka kwambiri amakhala ndi phazi lotambalala, cholinga chake ndodo isamakumbe pansi ukamenya kumbuyo kwa mpira. Pa udzu wothiriridwa, kapena nthawi ya dzinja, zimenezi zimathandiza zedi. Koma dzuwa likaswa mtengo, udzu utauma, pansi pali gwa ngati pabwalo lopunthira mapira, phazi lotambalala lija limadumpha pa nthaka, mpeni wa kutsogolo nkugunda mpira pamimba. Mpira umangothamanga pansi ngati mbewa yothawa moto, kudutsa green mpaka kutchire kuseri. Ndinaziona ndi maso anga ndi ndodo ya mnzanga wina. Choncho ine ndinasankha phazi lapakatikati, lotambalala kuposa la malume koma losafika pa fosholo. Amene mumasewera pa bwalo lothiriridwa chaka chonse mukhoza kuganiza mosiyana.

Pali chinanso chimene amati offset, kutanthauza kuti nkhope ya ndodo anaibweza m'mbuyo pang'ono kuyerekeza ndi mpini. Zimathandiza anthu amene mpira wawo umakhotera kumanja, ndipo ambiri mwa ife ndife otero. Koma ikachuluka imaoneka ngati ndodo yathyoka khosi, ndipo ngati diso lako silikukondwa ukayang'ana pansi, manja nawonso sakondwa. Apa palibe sayansi yambiri, ingoiikani pansi muione.

Tsopano msampha waukulu, umene ndinatsala pang'ono kugweramo. Tsiku lina ndinabwereka 7 watsopano kwa bambo wina wogwira ntchito ku banki. Nditamenya, mpira unapitirira pamene ndimafika ndi mamita pafupifupi 20. Ndinasangalala ngati ndakwezedwa giredi. Usiku nditafufuza ndinapeza chinsinsi chake. Kupendekeka kwa nkhope, kumene amati loft, pa 7 wa masiku a malume kunkakhala madigiri 36 kapena kuposerapo. Ma 7 ambiri okhululuka a masiku ano ali pa madigiri 28 mpaka 30. Kunena kwina, ndinamenya 5 wovala malaya a 7. N'chimodzimodzi mphunzitsi kutsitsa pass mark kufika pa 30 nkumanyadira kuti kalasi lonse lakhoza. Sikuti ndi bodza lokhalokha ayi, chifukwa kulemera kukakhala pansi mpira umakwera mosavuta, ndiye opanga amachepetsa loft kuti usakwere mopitirira. Koma kwa munthu amene samenya mwamphamvu, loft ikachepa kwambiri mpira umauluka motsika, ndipo ukagwa pa green youma suima. Ine sindikufuna 7 wopita kutali. Ndikufuna 7 amene ndikudziwa pamene akagwere.

Za mpini, umene amati shaft, nkhani yake ndi ya kunyada basi. Pamakhala zilembo: L, A, R, S ndi X, kuyambira wofewa mpaka wolimba kwambiri. Amuna ambiri timafuna S chifukwa R amamveka ngati wavomereza ukalamba. Mipini ya malume ndi yachitsulo cholemera, mtundu uja wa magalamu cha m'ma 130, ndipo pofika dzenje la 14 mikono yanga inkakhala itatheratu. Ndinatenga R wachitsulo chopepukirapo, pafupifupi magalamu 100. Ilipo ina ya graphite yopepuka kuposa apa, yabwino kwa amene zigongono zimawawa, koma ndi yodula ndipo ndinaopa kuti ikathyoka ndidzasowa koipeza.

Chomaliza chimene ndinayeza, ndipo anthu ambiri sachiganizira, ndi mmene phazi la ndodo limakhalira pansi, chimene amati lie. Ine ndine wamfupi. Ndinamata tepi pansi pa ndodo yobwereka, nkumenya mpira uli pa thabwa. Tepi inakhulika chakuchidendene osati pakati, kusonyeza kuti nsonga imakhala itadzuka m'mwamba, ndipo kwa womenyera kumanja zimenezi zimakokera mpira kumanzere. A Ping amaika kadontho ka mtundu pa mutu uliwonse kosonyeza zimenezi. Kakuda ndi ka muyezo wa onse, kabuluu ndi kobiriwira ndi ka ndodo zoimirira, kofiira ndi ka zogonako pang'ono. Ine ndinafunika kofiira. Mukamagula zakale kadontho kameneka muzikafunsa, chifukwa mutha kugula ndodo zabwinobwino zimene anapangira munthu wamtali ngati mlongoti.

Nanga 3 ndi 4? Ndinawasiya osaguliranso. Pa zaka zonsezi 3 wa malume ndinamumenya bwino mwina kawiri, ntchito yake yeniyeni inali kuvuulira mipira m'madzi ndi kuopsezera njoka. M'malo mwake ndinagula hybrid imodzi, ndodo ija ili pakati pa ayironi ndi wood. Amene akuona ngati hybrid ndi ya anthu ofooka akumbukire chaka cha 2009 ku Hazeltine, pamene Y.E. Yang wa ku South Korea anamenya hybrid pa dzenje lomaliza la PGA Championship, mpira nkukaima pafupi ndi mbendera, nagonjetsa Tiger Woods. Ngati inamukwanira iyeyo, mphunzitsi wa handicap 17 angachite nayo manyazi chifukwa chiyani?

Zonsezi n'zokoma kukamba, koma kenaka pamabwera nkhani ya ndalama. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, nthawi yomwe ine ndinali nditangoyamba kufunsa mitengo. Seti yatsopano ndikaisintha kuchoka mu randi inkakwana malipiro anga a miyezi ingapo. Nditawayambira nkhaniyi mayi a kunyumba anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Bambo, ndodo zokhululukazo zidzakhululukanso fizi ya ana?" Ndinalibe yankho. Tinagwirizana kuti pa malipiro sindikhudzapo ngakhale tambala. Ndalama zichokere ku maphunziro a masana a open school ndi ku soya wa kumunda wanga wa kuseri, ndiponso zikhale ndodo zogwiritsidwapo kale ntchito. Pamenepa anandithandiza, chifukwa ayironi si foni. Nzeru yoika kulemera m'mphepete ndi yakale, ndipo seti ya zaka zisanu kapena zisanu ndi ziwiri zapitazo imakhululuka pafupifupi chimodzimodzi ndi ya chaka chino, pa mtengo wochepera theka.

Mlamu wanga amakhala ku Johannesburg, ndiye ndinamutuma. Ndinamuuza kuti apite ku sitolo yodziwika yogulitsa ndodo zakale, osati kwa munthu wongokumana naye pa intaneti, chifukwa ndodo zachinyengo zilipo zambiri ndipo pa chithunzi sungazisiyanitse. Mtengo ukatsika modabwitsa, thawani. Ndinamuvutitsa mlamuyo ndi mauthenga: jambulani mizere ya pankhope ndione ngati sinafufutike, jambulani kadontho, werengani chilembo cha pa mpini uliwonse kuti zonse zikhale R, gwedezani mutu mumve ngati sukulira. Mpaka anandiyankha kuti, "Alamu, pokwatira achemwali anga simunafunse mafunso ochuluka chonchi." Pamapeto pake anapeza Ping G400, amene anatuluka mu 2017, kuyambira 5 mpaka P, kadontho kofiira. Anafika pa basi mu Ogasiti 2024 atakulungidwa m'bulangeti, pamodzi ndi katundu wa anthu ena. Zogwirira zake zinali zoterera, ndinasinthitsa.

Mukufuna kumva kuti tsopano ndine katswiri? Ayi ndithu. Choko chikunenabe zomwe zija, ndimamenyabe kunsonga. Mpira wanga ukafuna kukhotera kumanja umakhotabe, ndodo siichotsa matenda a m'manja. Chimene chasintha ndi malipiro a tchimo. Mpira umene kale unkagwa m'kamtsinje kaja tsopano umagwa kutsidya, pamphepete pa green, pamene munthu ungathe kudzipulumutsa. Chigongono chinasiya kuwawa. Handicap inatsika kuchoka pa 17 kufika pa 15 m'chaka chimodzi, ndipo mipira imene ndimataya pa mwezi yachepa, nkhani imene mayi a kunyumba anaimvetsa msanga kuposa ya moment of inertia. Koma ndinene chilungamo, pali chimene ndinataya. Ukamenya pakati penipeni ndi blade, m'manja mumamveka kukoma kwina kumene ndodo zatsopanozi zilibe. Izi zimangolira mofanana, wamenya bwino kapena ayi. Nthawi zina ndimakusowa kukoma kuja, ngakhale kuti kunkabwera kamodzi pa kanayi.

Chimene chinandivuta kwambiri sichinali ndalama. Linali tsiku lotulutsa ndodo za malume m'chikwama. Ndinaziyala pa mkeka pakhonde, kuyambira 3 mpaka P, ndipo ndinaona chinthu chimene ndinali ndisanachionepo bwinobwino. Pankhope ya 7 ndi 8 pali kamalo kothetheka, kozungulira, kakang'ono ngati ndalama yachitsulo, pakati penipeni. Si ine ndinapanga kamaloko. Ndi malume, zaka makumi awiri ndi kuposa akumenya malo amodzimodzi. Madontho anga ali mbwee kuzungulira, ngati nkhuku zatola mapira. Ndinakhala pamenepo mpaka kunada, ndikumva ngati ndikuwapitikitsa pakhomo.

Sabata yotsatira ndili pabwalo ndinapeza vuto lina. P watsopano ali pa madigiri 44 ndi theka, pamene sand wedge yanga ili pa 56. Pakati pamenepo pali mpata waukulu, moti ndikatsala ndi mamita 85 kapena 90 ndinalibe ndodo yoyenera, ina ikupitirira ina ikuperewera. Limeneli ndi vuto la aliyense wogula ma ayironi a masiku ano, ndipo ogulitsa amakhala akudikira kuti ubwerenso udzagule wedge ina yotsekera mpatawo. Ndikudandaula choncho, mnyamata wanga uja anafunsa, "Aphunzitsi, nanga P wa agogo uja ali pa madigiri angati?"

Madzulo ndinakatenga protractor ya pa bolodi, ndinaimika ndodo ija pa tebulo nkuyeza mmene ndikanathera. Inandipatsa pafupifupi 50.

Malamulo a gofu amalola ndodo 14 m'chikwama, ndipo nditawerenga zanga zinali 13. P wa malume anabwerera m'malo mwake, wakuda ndi wopyapyala pakati pa anzake onyezimira. Pa ndodo yaifupi chonchi ngakhale ine ndimapeza pakati kawirikawiri. Zinazo ndinazipaka mafuta, zili pamwamba pa wadirobu. Loweruka lapitali pa dzenje la 8 ndinatsala ndi mamita 88, mnyamata uja sanafunse n'komwe, anangosolola ya malume nkundipatsa. Mpira unakaima masitepe anayi kuchokera pa mbendera. Putt yake ndinaphonya.

Mapepala a Fomu 2 akundidikira pa tebulo. Tionana.